Pepala Loperewera Zala Zitatu

"Bweretsani ziphasozo, achimwene. Chiphaso cha munthu sichigona m'dilowa ya munthu wina," anatero Nachonga.

"Wayamba. Kwangocha kumene, wayamba kale kulalika!" Mchimwene wakeyo anayankha osadzutsa mutu, mapazi akupalasa makina osokera ngati akuthawa moto. "Zimenezo uzikauza anthu akumsika. Pano ndi pakhomo panga."

"Pakhomo ndi panu, sindikukana. Koma chiphaso chovotera chinacho ndi cha bambo, chinacho ndi cha alamu. Mwazitsekera ndi kiyi ngati mabatani a kasitomala."

"Ndazisunga. Kusunga kwasanduka mlandu? Bambo saona. Mlamu wakoyu angachikulunge m'matewera a mwana n'kuchichapira limodzi. Tsiku lovota likafika ndiwatenga ndekha bambo, ndikawagwira dzanja, ndikawachongera. Lamulo lomwe umaliimba ngati nyimbolo silikuti wosaona athandizidwe?"

"Likuti asankhe yekha womuthandiza. Mwawafunsa?"

Makina anaima. Mchimwene wake anatembenuka, nsalu ya chipani ili pamiyendo, nkhope ya wopikisana itadulidwa pakati ndi sizasi.

"Tamvera, Nachonga."

Dzina limeneli anamupatsa ndi anthu a m'misewu ya kwawoko, chifukwa paliponse pamene waima mawu ake anali amodzimodzi: chongani kamodzi, chongani m'kabokosi, pindani pepala. Poyamba linkamupweteka. Tsopano ankangolivomera, popeza ndi wobadwa naye bere limodzi yemwe anali atalisiya dzina lake lenileni.

"Ukuiona nsaluyi? Chipani chandipatsa ntchito yosoka malaya mpaka tsiku lovota. Nsalu imeneyi ndi imene ikukudyetsa iweyo chibwerere kubanja kuja ndi chikwama chimodzi. Mkulu wa chipani akufuna adziwe kuti pakhomo pano mavoti ndi ake. Nanga iwe uli mbali iti? Kuno ayi, uko ayi. Mapanga awiri avumbwitsa, chemwali."

"Ine sindikuthamangira phanga la munthu. Ndimangophunzitsa anthu kavotedwe."

"Ndiye uvumbwa. Komanso uzikumbukira kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa."

Pakona pa khonde lomwelo, pampando wansungwi wotha kale, panali bambo awo. Anthu ankawatchabe Atelala, ngakhale panali patatha zaka zinayi ng'ala itawatseka maso, makina n'kupita kwa mwana. Tepi yoyezera inali m'khosi mwawo monga mwa masiku onse, manambala ake atafufutika ndi thukuta. Anali duu, manja pamaondo. Chimene chinamupweteka Nachonga mmawa umenewo si mwambi wa mbewa ayi. Chinamupweteka n'choti anthu awiri amalimbirana dzanja la munthu amene ali pomwepo, akupuma, akumva, koma palibe amene anamufunsa, ndi iye yemwe. Anatenga chikwama chake n'kutuluka osamwa tiyi.

Ofesi ya gulu lawo lophunzitsa kavotedwe inali kachipinda kobwereka kuseri kwa sitolo ya mapaipi ndi misomali. Munali tebulo limodzi, mipando inayi yosafanana, ndi chinkuzamawu chomwe chinkayamba chatsokomola chisanalankhule. Wapampando anali mayi wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, yemwe aliyense ankangomuti Aphunzitsi. Poyamba analipo asanu ndi awiri. Tsopano anatsala atatu, enawo zipani zinawakola ndi malaya komanso zoziziritsa kukhosi.

Malamulo a gululo, abale inu, anali ouma gwa! Osatchula dzina la wopikisana monyadira kapena monyoza. Osakwera galimoto ya chipani ngakhale mvula ikukhuthuka. Osalandira ngakhale botolo la madzi pamsonkhano wa ndale. Ndipo popeza mitundu yonse yokongola zipani zinali zitagawana, iwo anatsala ndi malaya otuwa ngati phulusa. Nachonga anali ndi diresi imodzi yokha yoti akavala anthu n'kucheuka, koma anaipinda pansi pa chikwama chifukwa mtundu wake unafanana ndi wa chipani china.

"Pepala lachitsanzo lafika," anatero Aphunzitsi, akuloza pakhoma. "Oyendetsa chisankho atipatsa limodzi lokha, ndiye ndalikhoma apo kuti lisade. Awa ndakachititsa fotokope. Mwini makina waachepetsako pang'ono kuti akwane papepala wamba, koma mayina onse asanu ndi anayi akuwerengeka, zithunzi zikuoneka."

"Bola akuoneka," anatero Nachonga, n'kulonga mulu wake m'chikwama. Palibe amene anaganizapo kawiri.

Tsiku limenelo anakaima kumsika, pakati pa ogulitsa makala ndi okonza njinga. Chinkuzamawu chinatsokomola, anthu n'kuyamba kuseka asanamve kalikonse.

"Nachonga, watibweretsera chiyani? Anzako akubwera ndi malaya, iwe wabwera ndi pakamwa!"

"Pakamwa pomwepo tidya?"

Anadikira kuti aseke akhute. Kenaka ananyamula pepala m'mwamba.

"Voti ndi chinsinsi chanu. M'kachipinda kaja mumalowa nokha, palibe angaone pamene mwachonga. Ndipo chiphaso chanu asakusungireni munthu, kaya ndi bwana wanu, kaya ndi amuna anu, kaya ndi mwana wanu."

"Kayambire kwanu!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. "Za kwanu zili m'dilowa ya achimwene ako, tonse tikudziwa. Wabwera kudzasesa pabwalo pathu, kwanu zinyalala zili mbwee!"

Nachonga anamva manyazi akumuyabwa thupi lonse. Akanatha kuseka n'kuilambalala nkhaniyo, koma iye sanabadwe choncho.

"Mukunena zoona, amayi. Zili m'dilowa. Ndipo n'kulakwa, kwathu komweko n'kulakwa."

Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wakewo sunamutsate ayi, unachita kumutsogolera. Pofika kunyumba madzulo anapeza mchimwene wake ali chilili pakhomo, sizasi ili m'manja.

"Mkulu wa chipani anali pano. Wandifunsa ngati ndikuweta njoka m'nyumba. Ine, munthu wa ana atatu, ndachita kumugwadira kuti asandilande ntchito. Wandivula pamsika, iwe!"

"Andifunsa pagulu, achimwene. Ndikananama?"

"Ukanakhala chete! Pakamwa pako palibe chitseko? Tsopano tamva. Usankhe, malaya otuwawo kapena kachipinda kamene umagonamo pano. Ndakupatsa mpaka tsiku lovota. Ukadzalowa nawo m'sukulu movotera muja malaya amenewo, usadzabwerenso kuno."

Kuyambira tsiku limenelo ankadyera yekha kuchipinda kwake, pakati pa matumba a zidutswa za nsalu. Mlamu wake ankamuikira mbale pakhomo n'kubwerera mwakachetechete, maso pansi. Ana anauzidwa kuti asamapite kwa azakhali. Kunja nako kunalibe mtendere. A chipani ichi ankati ndi kazitape wa chipani icho, a chipani icho ankati nanga si mlongo wa telala wa chipani ichi. Akafika pampopi nkhani inkaduka, n'kungotsala phokoso la madzi m'ndowa. Munthu wopanda mbali alibenso womusungira malo pamzere. Anasungulumwa zedi, mpaka masiku ena ankadzipeza akuyankhula ndi chinkuzamawu chozimitsa pobwerera kunyumba.

Masana ena mchimwene wake anapita kukasiya malaya, mlamu ali kuchipatala ndi mwana. Nachonga akudutsa pakhonde anamva mawu.

"Mwanawe."

"Wawa, bambo."

"Pepala limene mukudyeranapo mituli ndi lotalika bwanji?"

"Pepala lovotera?"

"Ayi, lokulungira fodya. Ndipatse ndiligwire."

Anasolola limodzi m'chikwama n'kuwapatsa. Atelala analiyala pabondo, analisisita, n'kuyendetsa zala m'mbali zonse monga ankachitira ndi nsalu ya kasitomala wovuta.

"Mayina ndi angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Ali mumzere, kutsika m'munsi?"

"Eya, lililonse ndi kabokosi kake kudzanja lamanja."

"Aaa, ndiye ndi malaya a mabatani asanu ndi anayi basi! Ine ndaika mabatani pa masuti a anthu zaka makumi anayi. Ndilephere batani limodzi?"

Nachonga anagwada pafupi nawo. "Bambo, mukhoza kusankha wokuthandizani. Lamulo likulola."

"Ndisankhe yani? Ndikasankha mlongo wako, achonga za mimba yake. Sindikumuda, ali ndi ana. Aneba onsewa aliyense ali ndi malaya a chipani pansi pa pilo. Ndikasankha iwe..."

"Ine sindingathe. Tsikulo ndidzakhala woonerera. Aphunzitsi amati woonerera ali ndi maso okha, alibe pakamwa, alibe manja."

"Waona nanga? Komanso ukanatha, anthu akanati mwana wachongera bambo ake." Anayendetsa chala m'mphepete mwa pepala. "Maso andithawa. Makina anapita. Ndi tiyi yemwe amangondithirira shuga osandifunsa. Chatsala changa ndi dzanjali. Ndikufuna ndichonge ndekha, kamodzi kokha, ndisanapite. Tsiku lija munkakangana ine ndili apa ngati ndowa. Ndinamva kuwawa, mwanawe."

"Pepani, bambo."

"Pepani sasoka chong'ambika. Ndiphunzitse."

Anayamba pomwepo, ndipo anapitiriza masabata awiri, nthawi iliyonse imene makina akhala opanda mwini. Nachonga ankagwira chala cha bambo ake n'kuchiika pakabokosi kalikonse, iwo n'kumayeza kuchokera m'mphepete mwa pamwamba. Tepi sankaionanso, koma muyeso unali m'zala. Zala zitatu kufika pa dzina loyamba, kenaka chala ndi theka, chala ndi theka, mpaka pansi. Iye ankawawerengera mayina mwandondomeko, mawu ake ali myaa, osakweza pena osatsitsa pena, monga mwa lamulo la gulu.

"Ukuwerenga ngati ukuitana odwala kuchipatala," ankatero Atelala. "Palibe ndi mmodzi yemwe amene umamukondako?"

"Alipo, koma ndi za mumtima mwanga."

"Chabwino. Ndiye nanenso ndiphunzira mabokosi onse, kuti kazitape iwe usadziwe langa."

Ankaseka awiriwo, chapansipansi, kuopa aneba. Pochonga, Atelala ankalemba kamtanda kokhala ndi kamchira kopindikira m'mwamba, chizindikiro chomwe ankaika ndi choko pamalo a batani. Ana awo onse awiri anakula akukaona pa nsalu za anthu. Nachonga anati palibe vuto, bola kali m'kabokosi kamodzi. Pofika sabata yachiwiri ankangotchula dzina lililonse, cholembera n'kugwera pakatikati pa kabokosi, osaphonya. Mapepala ogwiritsa ntchitowo ankawabisa m'thumba la zidutswa. Pa masiku onsewo, maola amenewa okha ndi amene Nachonga ankamva kuti ali ndi kwawo.

Tsiku lovota anadzuka mbandakucha. Anayang'ana malaya otuwa, anayang'ana kachipinda kake, n'kuvala. Kusukulu anamupatsa mpando pakona pa kalasi, pansi pa bolodi, kabuku kali pamiyendo. Anthu ankalowa, kuonetsa chiphaso, kulandira pepala, kulowa m'kachipinda ka makatoni, kuponya m'bokosi, kuviika chala mu inki. Ena mwa amene anamuseka kumsika anapinda mapepala awo ndendende mmene anawaphunzitsira, koma palibe anamuyang'ana.

Dzuwa litakwera analowa Atelala, atavala suti yakuda yosoka okha, mwana wawo atawagwira pachigongono. Mchimwene wakeyo atamuona Nachonga pakona, nkhope inagwa. Anatulutsa chiphaso m'thumba lake n'kuchipereka kwa mayi woyang'anira malowo.

"Agogo, mukufuna wokuthandizani?" anafunsa mayiyo.

"Ndine mwana wawo. Ndiwathandiza ine."

"Ndafunsa iwowa, bambo."

Atelala anachotsa chigongono chawo m'dzanja la mwana wawo, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa singano pansalu yopyapyala.

"Mungondifikitsa pamene pali tebulo ndi cholembera, mayi. Zinazo ndi zanga."

"Bambo!"

"Wandiperekeza, zikomo kwambiri. Kandidikire panja."

Mchimwene wa Nachonga anaima kakasi. Wapolisi wapakhomo anamukodola, iye n'kutuluka, koma pakhomopo anatembenuka n'kumuloza mlongo wake chala. Nachonga sanachite nacho mantha chalacho. Mtima wake unali utadzaza, ankafuna kuimirira n'kululuta.

Mayi uja anathothola pepala m'buku la mapepala ovotera n'kuliika m'manja mwa Atelala. Apa ndi pamene Nachonga anaona kuti china chake chalakwika. Chiyambire mmawa anaona mapepala ambirimbiri osazindikira kanthu, koma manja awa ankawadziwa, ndipo ankadziwa pamene pepala limathera likakhala m'manja amenewa. Ili linapitirira. Linali lalitali. Mawu a Aphunzitsi anamubwerera: mwini makina waachepetsako pang'ono.

Kalanga ine! Akanati chiyani? Woonerera akayankhula ndi wovota, kuli bwanji bambo ake omubereka, mamonitala a zipani omwe anali pabenchi akanalumpha onse. Ndipo akanati nkhalambayi ikufunika thandizo, wolowa akanakhala yemwe uja waima panja. Anafinya kabuku kake mpaka chikuto chinapindika.

Pansi pa makatoni ankangoona nsapato za bambo ake, zopolishidwa bwino, zitaima phee. Panapita nthawi. Pamzere anthu anayamba kung'ung'udza.

"Agogowo akugona mmenemo?"

"Akusoka suti!"

Kenaka anatuluka, pepala litapindidwa bwinobwino, makona ali ndendende. Mayi uja anawalondolera kubokosi, anaponya, anaviika chala. Sanamwetulire. Anadutsa pafupi ndi mwana wawo wamkazi osadziwa kuti ali pomwepo, iye osatha ngakhale kutsokomola kuti amumve.

Kuwerenga kunayamba dzuwa litangolowa. Anakhuthula bokosi patebulo, mayi woyang'anira n'kumanyamula pepala limodzilimodzi kuti aliyense aone. Mamonitala anazungulira tebulo, anthu ena anaunjikana m'mawindo, ndipo pawindo lapafupi Nachonga anaona mutu wa mchimwene wake. Iye ankangopemphera chamumtima kuti zala za bambo ake zikhale kuti zinapeza njira.

Linatuluka chapakatikati. Kamtanda kokhala ndi kamchira kopindikira m'mwamba, kolembedwa mwaudongo, katakhala pamzere weniweni wolekanitsa mabokosi awiri. Pamwamba pake panali wopikisana wa chipani cha malaya aja, pansi pake wa chipani china.

"Lathu ili!" anatero monitala wina.

"Lanu pati? Mwendo wa mtandawu uli kwathu!"

"Koma mchirawu waloza kwathu!"

Pawindo panamveka mawu okuwa. "Ndi lathu limenelo! Dzanja limenelo ndikulidziwa ine, ndi la..." Sanamalize. Anthu anacheuka. Mchimwene wa Nachonga anayang'ana pepalalo, anayang'ana mlongo wake, n'kuchoka pawindopo.

Mayi woyang'anira analiyandikiza kunyale, analitembenuza uku ndi uku. "Lili pakati ndendende. Sitingadziwe chomwe mwiniwake amafuna. Lowonongeka." Analiika pa kamulu kakang'ono kumapeto kwa tebulo. Nachonga analemba m'kabuku kake monga mwa ntchito yake, misozi ikudontha pa inki. Palibe anamufunsa chimene akulira.

Anagona kuofesi, pamipando itatu yolumikiza. Mmawa anapita kukatenga katundu wake, n'kupeza chikwama chili kale pakhonde, chomanga ndi chidutswa cha nsalu ya chipani. Makina anali ovundikira. Mkati mwa nyumba munkamveka mapazi, koma chitseko sichinatseguke. Atelala anali pampando wawo, chala cha inki chili pabondo padera, ngati chabala.

"Ndiwe? Ndamva kayendedwe."

"Ndine, bambo." Anagwada. Anali atakonza mawu njira yonse, koma onse anabalalika. "Bambo, pepala lija..."

"Linali lalitali ndi zala zitatu."

"Munadziwa?"

"Ndinadziwa nditangoligwira. Ukuyesa telala angapatsidwe nsalu yotalika osamva? Ndinaima mmuja n'kumagawa zala zitatuzo pa mabatani asanu ndi anayi. Masamu ake ndinawapeza, koma dzanja linanjenjemera. Ukalamba."

"Bwanji simunaitane, bambo? Mukanangoti thandizeni."

"Akanabwera ndani? Iwe unali womangidwa pakamwa. Akanabwera mlongo wako." Anapukusa mutu. "Tandiuza zoona, paja iwe sunama ngakhale pamsika. Ndinaphonya kwambiri?"

"Pang'ono, bambo. Ngati ulusi. Linakhala pamzere, analiika pa owonongeka." Anayamba kusisima. "Ndine ndinalakwa. Ndinakupatsani pepala lafotokope osaliyeza. Ndakuphunzitsani masabata awiri ndi muyeso wabodza. Ndakutayitsani voti yanu, bambo, imodzi yokhayo."

"Madzi akatayika sawoleka, mwanawe. Inde walakwa, sindikunyengerera. Nsalu sadula asanayeze, ndipo iwe unakulira pansi pa makina awa." Anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mutu wake. "Koma tamva. Chiyambire kudwala masoku, chilichonse amandichitira anthu, ndipo amachita bwino. Dzulo ndalakwitsa ndekha, ndi dzanja langa. Ukudziwa kukoma kwake?"

Nachonga ankalira ngati mwana.

"Mlongo wako wandifunsa kasanu chibwerere dzulo, kuti bambo mumafuna wapamwamba kapena wapansi. Akuti akadziwa apeza chokamuuza mkulu wa chipani. Ndamuuza kuti akafunse bokosi. Nanga iwe sundifunsa?"

"Sindifunsa, bambo."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ndi chinsinsi chanu."

Atelala anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anakweza manja n'kuvula tepi m'khosi. Nachonga anali asanawaonepo opanda tepiyo masana, ndipo khosi lawo linaoneka lowonda, lamaliseche.

"Tenga. Pepala lililonse limene gulu lako lipereke kwa anthu uziyamba waliyeza. Osaona sindili ndekha m'misewu muno."

"Nanga inu mutsala ndi chiyani?"

"Ndiyezanso chiyani ine? Ukapeza pokhala udzanditumizire pepala la muyeso weniweni, ndiziyeserera. Zaka zisanu si zambiri kwa munthu wongokhala."

"Ndidzatumiza, bambo."

Nachonga anayang'ana manja awo, mitsempha ili poyera, anamvetsera mmene mpweya unkalirira m'chifuwa mwawo. Onse awiri ankadziwa kutalika kwa zaka zisanu, ndipo palibe anatchula. Nachonga anadikira pang'ono kuti mwina chitseko chitseguka, mwina mlamu, mwina mwana mmodzi. Katani ya pawindo inagwedezeka, basi. Anasenza chikwama n'kutsika pakhonde. Asanafike pampopi anamva makina ayamba kulira kumbuyo kwake.

Mumsewu munali phokoso, ena akuvina, ena akutukwana, mawailesi akulengeza zotsatira. Iye anadutsa pakati pawo ndi malaya ake otuwa, wopanda womuvinira, wopanda womulirira. Kuofesi kunalibe munthu. Anaika chikwama pansi pa tebulo, popeza kwa tsopano kwawo kunali komweko. Kenaka anamatula pepala lenileni lija pakhoma, analiyala patebulo, n'kusanjikapo lafotokope, m'mphepete mwa pamwamba mofanana. Anatambasula tepi ya bambo ake, koma manambala anali ofufutika, sankawerengeka. Ndiye anaika zala zake pa mbali yotsalayo.

Zinakwana zitatu ndendende. Atelala sanaphonye muyeso.